Tsiku Limene Ndinalephera Kumeta Bambo Anga

Zikomo a tcheyamani pondipatsa mpata. Abale anga, Asilamu ndi Akhristu omwe, ndakuonani nonse. Ena mukundidziwa ngati mphunzitsi wa fizikisi pa sukulu ina muno m'boma la Mangochi. Ena, makamaka inu a kabaza mwakhala kumbuyoko, mukundidziwa ndi dzina lija munandipatsa, a Pulofesa, masiku amene munkandizula mu ngalande pafupi ndi depoti. Sekani ndithu, musachite manyazi, mayina onsewo ndi anga. Koma mayi anga ananditcha Limbani.

Andiuza kuti muno muli ena amene munawidedwa, kuchotsedwa ku koleji mutalephera mayeso, ena mayeso a Folomu 4 anakukanani, ena ntchito inatha, ndipo ambiri a ife botolo linatipeza tili chigonere pomwe tinagwerapo. Ine sindikudziwa za aliyense. Ndinena zanga zokha.

Ndinakulira ku Malindi. Bambo anga ndi a ku Ntcheu, anabwera kuno ndi usilikali, n'kukwatira mayi anga, Myao wa konko. Mayi anatisiya ine ndili ku sekondale, tinatsala atatu: bambo, achemwali anga a Esinati, ndi ine. Mutu wanga unkagwira masamu. Ndinapita ku yunivesite, ndinakhoza bwino, kenako ndinapeza mwayi wokachita maphunziro a udokotala wa sayansi ku dziko lina lozizira la ku Ulaya. Tsiku lonyamuka, anthu a ku tchalitchi anandiperekeza ndi nyimbo mpaka pa msewu.

Ndikuuzeni pang'ono ntchito imene ndinkagwira kumeneko, chifukwa ndi pamene ndinapunthwira. Mu foni iliyonse muli tizipangizo ting'onoting'ono topangidwa ndi chinthu chotchedwa silikoni. M'menemo mumayenda ma elekitiloni, tinthu tosaoneka ndi maso timene timanyamula magetsi. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti elekitiloni iliyonse ili ngati kamaginito, imaloza m'mwamba kapena pansi. Akatswiri amati sipini. Munthu atatha kuwalozetsa onse mbali imodzi, n'kuwatumiza m'silikoni, n'kuwawerenga kutsogoloko asanasokonezeke, angapange makompyuta osatentha, osadya batire.

Pa ntchitoyi tinali awiri. Mnzanga anali mtsikana wa komweko, dzina lake Marita. Iye ankapanga tizipangizoto m'labu ndi kuyeza. Ankamata kachitsulo ka maginito pamwamba pa silikoni, pakati pake n'kuikapo kakhoma kopyapyala kwambiri koti ma elekitiloni azidutsirapo. Ine sindinkagwira chitsulo ayi. Yanga inali masamu: kulemba pulogalamu ya pakompyuta yolosera kuti ma elekitiloniwo ayenda mtunda wotani asanaiwale kumene amaloza, ndiponso kuti mita ya Marita iwerenga zochuluka bwanji.

Pulogalamu yanga inkati mita iwerenga zochepa. Mita ya Marita inkawerenga zambiri, zambiri zedi, kusiyana kwake ngati usipa ndi kampango. Sabata iliyonse pa msonkhano pulofesa wathu ankaonetsa mizere iwiri pakhoma, wa Marita uli kumwamba, wanga ukukwawa pansi. Sankakalipa. Ankangoti, "Limbani, kaonenso bwino." Ndinkakaonanso. Ndinafufuta pulogalamu yonse n'kuyambiranso, mzere wanga uli pansi pomwepo. Chaka chinatha, china chinatha.

Mowa ndinayamba kuti ndizipeza tulo. Kenako ndinkamwa kuti ndilimbe mtima polowa m'msonkhano uja. Kenako ndinasiya kulowamo. Thandizo la maphunziro linatha, yunivesite inandichotsa, ndinakwera ndege ndi sutikesi yomwe ija ndinapita nayo.

Kutsetsereka kwake kunali kwachangu. Ku Malindi sindinafikeko. Ndinkauza anthu kuti ndikudikira mapepala. Ndinapeza ntchito yolandira alendo pa loji ina ku Nkopola, anandichotsa atandipeza ndagona pa kauntala alendo ataima ndi zikwama. Ndinagulitsa jekete ya kozizira, nsapato, foni. Marita ankandilembera mauthenga, sindinayankhe ngakhale umodzi. Pomaliza ndinagulitsa laputopu, momwe munali ntchito yanga yonse, kwa munthu wofuna kuonerapo mafilimu. Kuchoka pa mowa wa m'mabotolo ndinafika pa timabotolo totchipa tija, kuchoka apo kachasu. Ndinakhalako ku Nkhudzi, kukoka nawo khoka kuti andigawire kapu imodzi. Tsiku lina masana ndinaona bambo anga atavala jekete, akufunsa anthu pa depoti ngati andiona. Ndinathawira kuseri kwa chigayo mpaka atakwera galimoto yobwerera. Anayenda ulendo wonsewo kudzafuna mwana wawo, mwanayo ali kuseri kwa chigayo, akuwaonera pa mpata wa malata.

Tsopano ndichepetse liwiro.

M'mawa wina achemwali anga anandipeza pa shabini ina kuseri kwa msika wa kuno ku boma. Sanalowe. Anaima pakhomo, chitenje chili m'chiuno, maso ali psuu.

"Achimwene, tulukani."

Ndinatuluka.

"Ababa agwa dzulo ku munda. Ali ku chipatala, ku wodi ya amuna. Akuti ndi sitiroko, mbali ya kumanja yonse yafa. Ine ndine mwana wamkazi, sindingawasambitse, sindingawaperekeze ku chimbudzi. Mwamuna m'banja mwathu ndinu nokha. Kaya muli chonchi, ndinu nokha."

Ndinafuna kunena kuti ndibwera mawa. Anandigwira mkono ngati mwana wothawa sukulu, tinayenda wapansi mpaka ku chipatala.

Bambo anga anali munthu wamtali, woyenda chowongoka, wosakonda zolankhulalankhula. Amene ndinawapeza pa bedi paja anali ochepa. Pakamwa panali patakhotera mbali imodzi, malovu akutsika. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinawavula, ndinawapukuta, ndinawasintha zovala. Ndinakwanitsa chifukwa m'thupi munali mowa, ndipo m'thumba ndinali nditabisa kabotolo kena.

Kabotolo kanatha. Achemwali anali atapita ku Malindi kukatenga zofunda, ndiye panalibe womusiyira wodwala. Kutacha ndinadzuka thupi lonse lili thukuta, mseru, manja akugwedezeka ngati a nkhalamba. Anamwino anadutsa kunena kuti odwala asambe madokotala asanafike. Bambo anakweza dzanja lamanzere n'kudzisisita pachibwano. Ndinamva. Msilikali uja chibadwire changa sindinamuonepo ndi ndevu za dzulo.

Ndinakatunga madzi m'beseni, theka linatayikira m'njira. Ndinawapaka sopo. Nditatenga lezala, dzanja linakana. Ndinaligwira ndi linzake, onse awiri ankanjenjemera. Ndinayesa pa tsaya, ndinayesanso pansi pa chibwano, ndipo ndinawacheka. Magazi anatsika pa thovu loyera lija mpaka pakhosi.

Abale anga, ndinagonapo mu ngalande, anandisekapo ana a sukulu, koma sindinalirepo. Tsiku limenelo ndinaika lezala pansi, ndinagwada pambali pa bedi, ndinalira ngati pa maliro, wodi yonse ikuona.

Ndinangomva dzanja landigwira pamkono. Linali lamanzere lija, lokhalo limene linatsala ndi moyo. Anandigwira mwamphamvu, osasiya, mpaka kunjenjemera kwanga kunkagwedeza mkono wawo womwe.

"Khala," anatero. Lilime linali lolemera, mawu ankatuluka limodzilimodzi.

Ndinakhala m'mphepete mwa bedi.

"Lipoti."

"Ababa?"

"Sunandipatse... lipoti."

Kunyumba kwathu, ukatumidwa ngakhale kogula mchere, pobwera unkaima n'kupereka lipoti. Ndinaweramitsa mutu.

"Ndinalephera, Ababa. Anandichotsa. Za mapepala zija zinali bodza."

"Ndikudziwa." Anapuma. "Ntchitoyo. Inali... yotani?"

Chibwerereni ku Ulaya, anthu ankandifunsa kuti digiri ili kuti, ndabwera ndi chiyani, ndibwerera liti. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa kuti ntchitoyo inali yotani.

Pa bedi loyandikana panali bambo wina wachisilamu, a Che Bwanali, amene ankadwazika mchimwene wawo. Ndinawabwereka bokosi la machesi. Ndinayala timitengo ta machesi pa bulangete la bambo, mitu yonse kuloza kumodzi. Ndinati, awa ndi ma elekitiloni, Ababa, angolowa kumene m'silikoni. Ndinawakankha pang'onopang'ono kutsika bulangete, uku ndikutembenuza kamodzikamodzi, mpaka pofika pa bondo anali atabalalika, wina uku wina uku. Ndinati ntchito yanga inali kuwerengera kuti afika pati asanabalalike chonchi. Machesi ankandigwa m'manja, ndinkatola. Ndikaima, bambo ankati, "Kenako?" Ndinawauza za Marita, za kakhoma kopyapyala, za mizere iwiri ija pakhoma.

Sindikunama kuti bambo anamva zonse. Ndili pakati pofotokoza, anagona tulo, sopo atauma kumaso, dzanja lawo likadali pamkono panga. Koma ine ndinadzimva ndekha mawu anga. Ndinkalankhula mofulumira, mokoma, ngati munthu wosimba za kwawo. Ndinazindikira kuti chinthu chija ndinkati chinandipha, ndinkachikondabe.

A Che Bwanali anadzuka pa mkeka wawo n'kutola lezala ija.

"Mwanangu, bweretsani madzi ena ofunda. Ndiwamaliza ine. Inu mudzawameta tsiku lina."

Tsiku lomwelo, dokotala woyendera odwala anayang'ana bambo, kenako anayang'ana manja anga. Anandiitanira pakhonde.

"Achimwene, mwamwa komaliza liti?"

Kanali koyamba kuyankha funso limenelo mosanama. Anandiuza chinthu chimene ndikufuna aliyense muno achimve: munthu amene wamwa kwambiri nthawi yaitali, akasiya mwadzidzidzi payekha akhoza kugwa ngati wakhunyu, akhoza kufa kumene. Kusiya kumafuna chipatala. Anandigoneka wodi yomweyo, bedi loyang'anana ndi la bambo, anandipatsa mankhwala. Masiku amenewo sindiwakumbuka bwino. Ndinkaona zinthu zoyenda pakhoma zimene kunalibe. Chimene ndikukumbuka n'chakuti a Che Bwanali, munthu amene sitinkamudziwa n'komwe, ankadwazika anthu atatu. Akaswali ku mzikiti n'kubwera, ankayamba mchimwene wawo, kenako bambo anga, kenako ine. Tsiku lina anandigwedeza phewa n'kunena kuti, "Asilikali akuti muchire msanga, lipoti silinathe."

Titatuluka, achemwali anatipezera kanyumba ka lendi kuno ku boma kuti bambo azikhala pafupi ndi kochitira mafizo. M'mawa uliwonse ndinkawasambitsa, kuwawongola mkono ndi mwendo monga anatiphunzitsira, kenako ankakhala pampando pakhonde n'kunena kuti, "Kenako?" Ndinkapitiriza pomwe tinalekera. Kunali kuwaphunzitsa kulankhula, chifukwa ndinkawauza kuti abwereze mawu. Mawu oti elekitiloni anawavuta mwezi wathunthu. Koma kunalinso kundigwira ine, chifukwa munthu sungafotokoze masamu amenewo mutu uli ndi matsire.

Njira ya kumsika ndinaisiya. Kupita ku chipatala ndinkazungulira kutali, dzuwa la kuno mukulidziwa, koma ndinkazungulira ndithu, chifukwa miyendo yanga inkadziwa khomo la shabini kuposa mutu wanga. Anzanga akale akandiitana, ndinkawabayibitsa ndili kutsidya kwa msewu.

Ndinagwanso kamodzi, ndisakubisireni. Kunali ku ukwati wa msuweni wathu. Wina anandipatsa kapu, ndinati imodzi yokha. Ndinafika kunyumba mawa lake dzuwa lili pamutu, ndinapeza bambo ali pabedi chigonere, atadzinyowetsa, chifukwa panalibe wowadzutsa. Sanandikalipire. Anangotembenukira kukhoma pamene ndinkawasintha. Ndikanakonda akanandimenya. Madzulo ake ndinabwerera kwa dokotala uja n'kumuuza. Iye anati kugwa kumachitika, choopsa ndi kubisa. Ndi amene anandilozera gulu lino.

Ntchito ya uphunzitsi ndinaipeza ponena zoona. Ndinauza ahedi kuti ndine chidakwa chimene chikuchira, digiri ya kunja ndilibe, koma fizikisi ndimaidziwa. Anandiyesa temu imodzi. Ndikadali pomwepo.

Chovuta kuposa zonse chinali kulembera Marita. Amene munawidedwa mukudziwa, pali munthu mmodzi amene mumaopa kukumana naye kuposa onse, nthawi zambiri ndi amene ankakufunirani zabwino. Ndinakhala pa kompyuta ya kusukulu ana ataweruka, ndinalemba, ndinafufuta, pomaliza ndinatumiza mizere yochepa: ndili moyo, ndinkamwa, ndasiya, pepani. Mawa lake anandiimbira pa vidiyo. Atangondiona anagwira pakamwa n'kuyamba kulira. Anati ankaganiza kuti ndinafa.

Kenako anandiuza zimene zinachitika nditachoka. Poyamba paja, ankalowetsa ma elekitiloni ndi kuwayeza pa kachitsulo kamodzi komweko. Pambuyo pake anapanga tizipangizo tatsopano, polowetsera pena, poyezera pena chapatali. Mita inawerenga zochepa, kufupi ndi mzere wanga uja wokwawa pansi. Zambiri zija zinkachokera ku ma elekitiloni okodwa m'tizilema ta m'kakhoma kopyapyala kaja, amene sanalowe n'komwe m'silikoni.

Ndinafunsa kuti, "Ndiye kuti ndinkalondola?"

"Theka," anatero Marita. "Pulogalamu yako imadziwa silikoni, koma khomalo imaliyesa loyera ngati galasi. Pakufunika wina aliikemo. Pulogalamuyo ndinaisunga."

Apa ndikuchenjezeni, abale anga. Wina asatuluke muno akuti Limbani anachira chifukwa masamu ake anapezeka olondola. Ayi. Pamene Marita ankandiuza zimenezi n'kuti nditasiya kale mowa. Akanandiuza ndili ku Nkhudzi, ndikanamwera chisangalalo mpaka kufa. Ndipo masamuwo akanakhala olakwika kuyambira pamwamba mpaka pansi, bambo anga akanafunabe munthu wowasambitsa. Enanu mayeso amene munalephera munalepheradi, palibe adzakuimbireni foni. Mukufunikabe.

Udokotala uja unapita, sudzabweranso. Koma pulofesa wathu anakambirana ndi yunivesite, anandilola kumaliza digiri yocheperapo, ya masitala, ndili konkuno. Ndinkagwira ntchito masana ana akaweruka, pa kompyuta ya kusukulu. Magetsi akathima ndinkadalira sola ya ku ofesi ya ahedi. Masamu akuluakulu ndinkatumiza kwa Marita kuti awayendetse pa makina a kwawo. Kuika khoma lija m'pulogalamu kunanditengera nthawi yoposa chaka, ndipo kawirikawiri mzere unkapita kolakwika. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ukalakwika ndinkatseka kompyuta, kupita kunyumba, kukauza bambo kuti lero zakanika. Iwo ankati, "Mawa." Tikatero tinkadya n'kugona.

Tsiku la mayeso omaliza, aphunzitsi a ku Ulaya anandifunsa mafunso pa vidiyo, ine ndili mu ofesi ya ahedi. Bambo anakakamira kuti apita nawo. Achemwali anawasitira jekete, tinawakweza pa kabaza ine ndikuyenda pambali nditawagwira. Tinawakhazika pampando kumbuyo kwanga. Mayeso anatenga nthawi, netiweki inadukaduka, kunja kukutentha. Nditacheuka pakati pa mafunso, ndinaona agona, mutu uli pachifuwa.

Zitatha, ndinawagwedeza pang'ono.

"Akuti chiyani azunguwo?"

"Akuti ndakhoza, Ababa."

Anandiyang'ana. Mbali yamoyo ya nkhope yawo inamwetulira, inayo inangokhala.

"Khoma lija... unaliika?"

"Ndinaliika."

"Chabwino." Anatambasula dzanja lamanzere lija. "Ndinyamule. Ndikufuna kukataya madzi."

Zimbudzi za pasukulu pathu zili kutsidya kwa bwalo. Ndinawabereka kumsana, jekete yosita ija ikukwinyika, ndinadutsa nawo pakati pa bwalo ana a Folomu 3 akutiyang'ana pa mawindo. Tili pakati pa bwalo, anaika chibwano paphewa panga n'kundinong'oneza.

"Msanawu wayamba mnofu, Limbani. Poyamba paja unkandilasa ndi mafupa."

Zanga ndi zomwezo, abale anga. Ngati alipo muno amene wabisa manja m'thumba kuti tisaone mmene akugwedezekera, asapite kunyumba yekha. Tikatseka ndi pemphero ndikhala pakhomopo. Chipatala sichili patali, tiyenda limodzi.